Umuuze Limbani Lisanafike Loweruka

Tiyamike mwana wanga,

Ndikukulembera ndili kuno ku Al Messila, mumzinda wa Doha, masana a Lachisanu. Anzanga apita ku Najma kukadya mpunga wa tsabola ndi kukajeda mabwana awo, ine ndatsala m'kachipinda kanga ka kuseri kwa galaja. Ndikanatha kukuimbira foni, koma umandidziwa. Pa foni ndimafunsa za mvula, za mbuzi, za denga lodontha, mpaka kutsanzikana nkhani yeniyeni ndisanaiyambe. Ndiye ndalemba. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa n'kukutumizira. Uwerenge uli wekha, amayi ako asakusuzumire paphewa.

Mawa ukunyamuka kupita kwa azakhali ako ku Lilongwe kukakonzekera ukwati, ndipo Loweruka la sabata yamawa ukhala mkazi wa Limbani. Pakhomo pathu paja sudzagonaponso ngati mwana. Chiphaso changa chokhalira kuno chikadali kokonzedwa ndipo sichituluka msanga, ndiye wodzakugwira dzanja m'tchalitchi ndi amalume ako. Zikundipweteka, sindibisa. Koma chimene chandikhazika pansi lero si chimenecho. Amayi ako anandiuza dzana kuti Limbani sakudziwa za matenda ako akugwa. Akuti mwagwirizana ndi azakhali ako kuti adzadziwa yekha m'tsogolo, poti patha zaka zitatu usanagwe ndipo mankhwala akugwira ntchito. Mwana wanga, umuuze. Umuuze lisanafike Loweruka.

Sabata ino alangizi akudzaza m'makutu. Akuuza za madzi osamba, za apongozi, za kugwada. Uwamvere, ena a iwo ali ndi nzeru. Ine za banja sindingapose azimayi amenewo. Chimene ndimadziwa ine ndi mtovu, ndipo zolakwa zanga zambiri ndinazichitira pa mtovu. Ndiye undipirire, ndikuuze za zipolopolo sabata ya ukwati wako.

Agogo ako aamuna anali ndi mfuti ya gogodela yothamangitsira nguluwe m'munda wa chinangwa. Zipolopolo ankapanga okha. Ankasungunula zidutswa za mtovu m'kachitini pa makala, n'kuthira m'chikombole chimene anachigoba pa mwala wofewa. Tsiku lina, ine ndili kale mnyamata wa ndevu zoyamba, anandituma kuti ndilowetse zidutswazo m'nyumba. Ndinaziiwala pansi pa nkhokwe, mvula n'kugwa. M'mawa ndinazipukuta pamwamba pokha ndi malaya. Bambo anazitenga, n'kundifunsa, "Zauma izi?" Ndinati, "Zauma." Mawu amodzi okha amenewo. Sindinafune kukalipiridwa pamaso pa alongo anga. Mtovu wosungunuka sugwirizana ndi madzi: dontho limodzi likamira pansi pake, chitini chonse chimalavula. Amene anawerama pa chitinicho sanali ine, anali mkulu wanga. Chipsera chija chili pakhosi pa abambo ako aakulu a Saulosi, chija unkachiopa uli wamng'ono, ndi changa. Mpaka lero iwo amati inali ngozi. Ine ndimadziwa kuti ndinafunsidwa.

Ona pamenepo, Tiyamike. Mtovu wonyowa sunali mlandu. Ndikanangoti mvula inaugwera, bambo akanauika pambali pa moto kuti uume, akananditukwana pang'ono, basi. Chimene chinawotcha munthu ndi kukhala chete kwanga. Ndipo wopsa sakhala wobisayo, amakhala amene waima pafupi mosadziwa. Kuyambira Loweruka woima pafupi ndi iwe ndi Limbani.

Kuno ndinabwera ngati dalaivala, ukudziwa. Bwana wanga ndi munthu wamkulu wopuma pa ntchito, ndipo ife antchito timangowatcha Madala. Ali ndi nthenda imodzi yosachiritsika: mfuti zakalekale za nthawi ya azigogo awo, zija zogwiritsa onga wakuda wofuka utsi, koma zolowetsa chipolopolo kumbuyo chili m'kachubu ka mkuwa. Sasaka nazo nyama. Amawombera chandamale cha pepala ku kalabu ya kunja kwa mzinda, komwenso mfuti ndi onga zimasungidwa, poti lamulo la kuno silichita nthabwala. Zipolopolo za mfuti zimenezi sizipezeka m'sitolo, ndiye mitu yake ya mtovu amapanga okha m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ndikutsuka galimoto fungo linandipeza. Ndinasuzumira pakhomo la kashediko n'kunena kuti chikombole chawo chazizira, n'chifukwa chake zipolopolo zikutuluka ndi makwinya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Banda, wazidziwira kuti zimenezi?"

"Kwathu, bwana. Kwa bambo anga."

"Yala, tiye msanga, lowa. Galimoto sithawa."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala dalaivala m'mawa, wa mtovu masana. Madala ndiwo anandiphunzitsa kuti njira zopangira chipolopolo zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ija ya agogo ako, yosungunula ndi kuthira m'chikombole, kungoti cha kuno n'chachitsulo. Ndi yachangu, ndipo chipolopolo chimatuluka chonyezimira, chili ndi timizere m'mbali topakamo mafuta osakaniza ndi phula la njuchi. Mafutawo ndi ofewetsa mwaye wa onga mumpope wa mfuti. Koma mtovu ukamazizira m'chikombole nthawi zina umatsekera mpweya m'kati. Kunja chipolopolo chimaoneka chabwinobwino, m'kati muli kamphako. Diso silingaone. Chimaulula ndi sikelo yokha, poti chimapepukirako pang'ono. Lamulo la Madala linali limodzi: chilichonse chikwere pa sikelo, chopepuka chibwerere mumphika. Njira yachiwiri ndikuuza m'munsimu, poti ndinaidziwa nditalakwa kale.

Kunali mpikisano ku kalabu, ndipo Madala anandipempha zipolopolo zodzaza kabokosi. Inali nyengo yotentha, ya kuno, imene ngakhale mphepo imawotcha nkhope. M'kashedi, pafupi ndi mphika wa mtovu, thukuta linkalowa m'maso. Ndinayeza theka. Theka linalo ndinangoliyang'ana, ndinaona kuti likuwala bwino, n'kulithira m'bokosi. Choipa kwambiri n'chakuti pa zimene ndinayezazo panali zopepuka zingapo, ndipo nazonso ndinaziponya momwemo, poti kubweza kukanatanthauza kuyatsanso moto. Ndinadziuza kuti kusiyana kwake n'kochepa ngati njere ya mapira, ndani angadziwe. Madala atafunsa ngati ndayeza zonse, ndinayankha monga ndinayankhira bambo anga. Munthu wa imvi, mwana wanga, bambo wa ana atatu, kubwereza bodza la paunyamata.

Ku mpikisanoko ndinaima kumbuyo kwawo nditanyamula botolo la madzi. Zitatu zinkalowa pakati, chachinayi n'kuthawira kumbali. Ziwiri pakati, china pansi. Chipolopolo cha mphako sichizungulira mowongoka, chimapita kumene chafuna. Anzawo anawaseka mwaulemu, monga amasekera anthu olemera. Tinabwerera pa galimoto mpaka tinafika pa geti. Kenako anati, "Khalasi, Banda, basi zatha. Maso atha." Sanaganizire mfuti, sanaganizire ine. Anadziimba mlandu okha. Anapita kwa dokotala wa maso, anasintha magalasi kawiri, anawomberanso ndi zotsala za m'bokosi lomwe lija, zotsatira n'kukhala zomwezo. Anakhoma kashedi. Miyezi isanu ndi iwiri munthu uja anangokhala pa mpando, kuonera wailesi ya kanema, kuwonda. Ine ndinkawatsegulira chitseko cha galimoto tsiku lililonse, kukamwa kuli tseke.

Amene anandisokosa ndi a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene amalondera pa nyumba zosanja za ku Bin Mahmoud. Ndinawaululira tikumwa tiyi ku Najma, poganiza kuti andipepesa. Anaika kapu pansi.

"Imwe a Banda, muzamupaya uja mudala na masikireti yanu. Munthu achite ritaya chifukwa cha ulesi wanu?"

"Ndikawauza andithetsera kontirakiti."

"So? Ndiye bwino iye aziyenda ati ni wakhungu, imwe muzifola salale? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, a Banda. Koma apa ikufa ni mbewa ina, osati imwe."

Ndinawakwiyira sabata yathunthu. Kenako ndinapempha kiyi wa kashedi.

Ndinatenga zotsala zija, ndinaziyeza pamaso pa Madala, n'kupatula zopepuka. Ndinawauza zonse. Anatenga chimodzi, anachimanga pa chopanira, n'kuchicheka pakati ndi kasowo. M'kati munali kamphako, kakang'ono, kosalala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti andiuze ndilongedze. M'malo mwake anati, "Banda, chipolopolo chopepuka aliyense amapanga. Inenso ndimapanga. N'chifukwa chake pali sikelo. Koma iwe unandisiya ndikutukwana maso anga, maso amene Mulungu anandipatsa ali bwinobwino. Chimenecho ndiye chikundiwawa." Sanandichotse. Koma panapita nthawi asananditchulenso dzina, ankangoti "dalaivala". Ndikanakonda akanandimenya.

Undimvetse bwino pano, Tiyamike, usapotoze mawu anga. Sindikunena kuti iwe uli ndi mphako. Matenda ako si chilema cha mtima, si tsoka la makolo, si ufiti, ndi matenda monga shuga wa amalume ako. Ndikunena za Limbani. Tsiku lina udzaiwala mankhwala, kapena kuchipatala adzatha, kapena udzatopa kwambiri. Ukadzagwa iye asakudziwa, adzatani? Adzakulowetsa supuni m'kamwa n'kukuthyola mano. Adzakupanikiza pansi. Abale ake adzathamangira kwa sing'anga, adzaloza chala mayi wina wosalakwa wa pamudzi pawo. Iye adzagona akudzifunsa chimene anakuchita. Sadzadziwa kuti akungofunika kukugoneka cham'mbali, kuchotsa mbaula pafupi, kudikira, monga amachitira amayi ako. Ndipo ukadzakhala ndi pakati, a chipatala adzafunika kuonanso mankhwala ako, ndiye udzamuuza kuti ukupita kuti? Usamusiye munthu akutukwana maso ake. Umuuze.

Madala atayambanso kuwombera anaitanitsa makina a njira yachiwiri ija. Imeneyi ilibe moto. Mtovu umabwera ngati waya wonenepa. Umadula kachidutswa, umakaika m'chitsulo chobowola, n'kutsitsa mkono wa makina ndi mphamvu zako zonse. Mtovu wozizirawo umafinyika mpaka kudzaza ngodya iliyonse, wotsala n'kutulukira pa kabowo ka m'mbali ngati kanyongolotsi. Mpweya ulibe pobisala. Zipolopolo zimatuluka zofanana, ukaika khumi pa sikelo muvi sugwedezeka. Ntchito yake ndi yochedwa ndipo madzulo phewa limadandaula, koma ine ndinaikonda nthawi yomweyo. Mwina ndinaikonda chifukwa inkandichotsera mpata wonama.

Ndiye ndinalakwanso, mwa mtundu wina. Ndinayamba kunyoza chikombole. Ndinauza Madala kuti mphika tiutaye, tapeza chipolopolo chopanda vuto. Anangoseka n'kunena kuti, "Shuwei shuwei," kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Chipolopolo chofinya chimatuluka chosalala, chilibe timizere tosungira mafuta. Ukachiwombera chili chomwecho, mtovu umamatirira mumpope, mwaye umauma, ndipo pofika chachisanu mfuti yayamba kunama. Chimafunika kuchikulunga ndi kapepala kopyapyala konyowetsa, kawiri kuzungulira, mapeto ake akumane ndendende, n'kuchisiya chiume. Ine wodzitama uja, zoyamba zanga zonse mapepala anang'ambika polowetsa m'kachubu. Ndinakhala masabata atatu ndikuphunzira kukulunga kapepala, zala zanga zonenepazi. Lero timapanga zonse ziwiri. Zothira timayeza, zofinya timakulunga. Palibe chimene chimachoka m'manja mwanga n'kupita ku mfuti osachisamalira kaye.

Ndikukuuza zimenezi chifukwa ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuona ngati Limbani ndi munthu wosalala, wophunzira, wa kwaya, ndipo iwe wekha ndiwe wobwera ndi katundu. Ayi. Sindinamuone maso ndi maso, tangolankhulana pa foni kawiri ndipo anandipatsa ulemu, koma ndikulumbira kuti naye ali ndi pake pofunika kukulunga. Mwina mkwiyo, mwina mantha, mwina za kwawo zimene sanakuuze. Ukayamba iwe kutsegula, umupatsa njira yoti naye atsegule. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mukalowa m'nyumba aliyense atafumbata chake, mudzakhala alendo awiri ogona pa mphasa imodzi.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachikulu, chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi. Unagwa koyamba uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, pabwalo la sukulu. Aphunzitsi atabwera kudzazonda, ndinawauza kuti anali malungo aakulu. Adokotala anali atatiuza kale dzina lenileni, ine ndinati malungo. Madzulo ake ndinasonkhanitsa nyumba yonse, amayi ako ndi achimwene ako, n'kulamula kuti mawu oti khunyu asamveke pakhomo panga. Amayi ako anatsutsa. Ndinawayankha mokweza kuti, "Anthu akadziwa, adzamukwatira ndani?" Iwe unali kuseri kwa chitseko. Ndinaona mapazi ako pansi pa nsalu yotchinga, ndipo sindinatsitse mawu. Ndine ndinachotsa mapiritsi ako m'pepala la kuchipatala n'kuwathira m'kabotolo ka mafuta odzola kuti anzako asazindikire. Ndine ndinakuletsa kupita kumisasa ya achinyamata a mpingo, n'kumati ndi nkhani ya mayendedwe. Unali mwana womvera. Wamvera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndiye amayi ako atandiuza dzana kuti Limbani sakudziwa, ndinayamba kukalipa, kenako ndinadzifunsa ndekha. Ndikalipire ndani? Azakhali ako akungobwereza zimene ndinanena ine. Iwe ukungosunga lamulo langa. Ndinkati ndikukuteteza, koma ndikaunguza bwino mumtima mwanga, ndinkateteza nkhope yanga pa bwalo la mpira ndi pa msonkhano wa madikoni. Ndinakuphunzitsa kuchita manyazi ndi thupi lako usanadziwe n'komwe kuti manyazi n'chiyani. Ndikupepesa, mwana wanga. Ndachedwa, koma ndikupepesa.

Ndikanatha kumuimbira Limbani ndekha, nambala yake ndili nayo. Sindichita zimenezo. Ndinakulanda pakamwa kamodzi, sindikulandanso. Nkhaniyi ndi yako, ndipo aimve kwa iwe. Koma umve malangizo a munthu amene anaulula mochedwa. Usamuuze pa foni. Usatume azakhali ako. Usadikire Lachisanu, pamene mbuzi zaphedwa kale ndipo munthu sangathenso kuganiza momasuka. Ukafika ku Lilongwe mawa, umuitane Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, mukhale poyera, dzuwa likuwala. Utenge mapiritsi ali m'pepala lawo lenileni la kuchipatala, ndi kabuku kako ka kuchipatala. Utchule dzina la matendawo, usati "ndimadwaladwala". Umuuze kuti unagwa liti komaliza, umuuze chochita ukagwa. Ukatero ukhale chete, umulole afunse, ngakhale mafunso opusa. Akapempha masiku awiri oganiza, umupatse. Akakwiya kuti unachedwa kumuuza, ali ndi chifukwa, usadziteteze. Umuuze kuti unaletsedwa ndi bambo ako, ndipo ngati akufuna wokalipira, foni yanga ndi yotsegula.

Sindikulonjeza kuti zikhala bwino. Ndikanakonda kukuuza kuti mnyamata wokonda Mulungu sangabwerere m'mbuyo, koma ndakhala ndi anthu nthawi yaitali. Akhoza kubwerera. Mwina osati iye, koma amayi ake. Zikatero udzalira, amayi ako adzatseka chitseko sabata yathunthu, ndipo anthu a pamudzi adzapeza ndiwo ya pakamwa mpaka kukolola. Ndaziganizira zonsezo. Komabe ndisankha kuti ulire sabata ino uli kwa azakhali ako, kusiyana n'kuti udzatsitsimuke tsiku lina pansi pa khitchini ya eni, utazunguliridwa ndi anthu okuyang'ana ngati wawabera.

M'mawa uno ndalankhula ndi amalume ako, poti ndiwo ankhoswe. Ndawauza kuti ukwati ukapitirira, akakhale pansi ndi ankhoswe a kuchimuna lisanafike tsikulo, nkhaniyi ikhale yodziwika mbali zonse ziwiri. Ndawauzanso kuti ukalephereka, asanamizire za malowolo kapena za tchalitchi. Aime pamaso pa abale onse anene kuti mwanayu sananamize munthu, anaulula yekha nthawi ikadalipo, ndipo amene anabisa matendawa zaka zonsezi ndi bambo ake, Banda, amene ali ku Doha. Amalume ako anati ndikudzivula pagulu. Ndinati inde.

Pita bwino mawa, Nabanda. Umwe mankhwala usanakwere basi, ndipo uwamwe anthu akuona. Lamulo lija ndinaika uli kuseri kwa chitseko ndalichotsa lero. Sulinso womangidwa nalo.

Ndine bambo ako, wokukonda ngakhale ndinakukonda molakwika,

Banda